Matayala Osatha Chaka

"A sayizi imeneyi atsala ofewa okhaokha, achikulire," anatero wogulitsa matayala, atanjuta pambali pa kagalimoto kakalekale ka mipando iwiri. "Msewu amaugwira bwino, koma chaka chisanathe amakhala ataperepeseka. Tisinthe malimu, tiike matayala aakulu olimba, zaka zisanu muli phee."

Mwana wamkazi wa achikulirewo anayang'ana bambo akewo, munthu wosoketsa nsapato imodzi katatu asanaitaye. Chibwerereni kuchipatala, bambowo anali ataboola mabowo ena awiri pa lamba, ndipo jekete inkangolendewera m'mapewa.

"Malimu musawakhudze," anatero bambowo, akusisita chitseko chofiira cha kagalimotoko. "Ikani ofewawo."

"Koma ababa, a chaka chimodzi chokha?"

Sanamuyang'ane n'komwe.

"Akwanira, mwanangu."