Kompyuta ya Malemu Leonel

Ku Fíngoè foni imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa sukulu. Dzuwa litalowa, Ivânia anakwera pomwepo kukalengeza pa intaneti kuti akuisiya pulogalamu yawo yaulere yolembera katemera wa ng'ombe, ija aliyense amaloledwa kuikonza. Chimwalirireni mnzake Leonel, cholakwika chosokoneza masiku a katemera chinamukanika yekha.

Foni inalira. Wina anali atangochikonza, m'dzina la Leonel, n'kulemba pansi pake kuti: "Mana, mlongo wanga, usaisiye. Kapume, ndamaliza ine."

Ivânia anagwira chikwama chake. Munali kompyuta ya malemuyo, imene abale anamupatsa pogawa katundu. Batire lake linafa kalekale.

Chikwamacho chinali chofunda, ndipo mkatimo zala zinali zikugogodabe.