Mizere Iwiri Yosowa

Mlakatuli ankasaina mabuku mu holo ya laibulale pamene fungo la sopo wometera linamufika m'mphuno. Analizindikira fungolo asanadzutse n'komwe mutu.

Patsogolo pake panaima bambo waimvi, atakumbatira buku pachifuwa. Anali wapolisi amene ankamupanikiza ndi mafunso m'chipinda chopanda zenera, chaka chimene asilikali analanda boma.

"Mayi, mwalakatula bwino," anatero bamboyo mwaulemu. "Koma ndakatulo ya malemu achimwene anu ija mwaidula. Mwasiya mizere iwiri."

"Ndinaiiwala," anayankha mayiyo.

Sankanama. Pepala la ndakatuloyo analiwotcha yekha atangotuluka m'ndende, ndipo mawuwo sanabwererenso m'mutu mwake.

"Ine sindinaiiwale. Ndinkaiwerenga tsiku ndi tsiku kuntchito, mu fayilo ya mlandu wanu."

Bamboyo anawerama n'kuyamba kuinena chapansipansi, ndi liwu lomwe lija ankafunsira mayina a anzake. M'mizeremo achimwene ake anali amoyo, akupopa njinga pakhomo, akuimba molakwitsa.

Mayiyo anafuna kukuwa kuti anthu amutulutse. Koma anakoka buku la bamboyo, natsegula tsamba lopanda kanthu.

"Bwerezani," anatero. "Pang'onopang'ono."