Malume Akazonda Mkamwini

A Bester anakokera chipewa kumaso n'kubisala kuseri kwa chipilala. Mnyamata uja anali poteropo, tambula ili m'manja, dzuwa likanali paliwombo.

Banja lonse linkadikira mawu awo Loweruka likudzalo. Monga malume ake a Mphatso, komanso mkulu wa mpingo ku Brampton, pafupi ndi Toronto, iwo ndi amene akananena ngati Darius, mnyamata wa ku Chipata, apatsidwe mbeta kapena ayi. Darius ankati ntchito yake ndi yosankhira malesitilanti vinyo. A Bester ankati kumeneko n'kutchula chidakwa mwaulemu. Choncho atamva kuti alimi a mphesa a ku Nova Scotia abweretsa vinyo wawo mu holo ina pakati pa Toronto, ndiponso kuti Darius akakhala komweko, anapitako, anaimika galimoto panja n'kulowa kuti akadzionere okha.

Darius akachoka pa tebulo, iwo ankafikapo. Mayi wina wamasaya ofiira anawathirira pang'ono, uku akutama mphepo yozizira ya kunyanja imene imakometsa mphesa zawo. Vinyoyo anali wowawasa ngati bwemba. Koma kazitape sakana tambula, angadziwike. Ndiponso a Bester analeredwa bwino: chimene wapatsidwa, umamaliza.

Umboni sunachedwe. Darius anawerama pa kandowa kasiliva kamene kanali pa tebulo, n'kukhuthuliramo za m'kamwa. Pa tebulo lotsatira anachitanso chimodzimodzi. Kusanza masanasana, anthu akuona! Ndipo akangopukuta pakamwa ankalandiranso tambula ina. A Bester anamumvera chisoni Mphatso, mwana amene anamulera okha chimwalirireni mlongo wawo. Anatsatirabe, tebulo ndi tebulo, kuti umboni ukwane.

Pofika kumapeto kwa holo, mnyamatayo ankaoneka akupendekera uku ndi uku. Apa panalibenso zodikira Loweruka. A Bester anavula chipewa n'kumulunjika kuti amuuze pamaso kuti mbeta palibe.

Holo inazungulira. Manja amphamvu anawawakha asanafike pansi.

"Amalume, ndinakuzindikirani pakhomo pomwe," anatero Darius, ataima njo, mawu ali bwinobwino. "Kuno timangolawa n'kulavulira m'kandowamo, sitimeza. Inu mwameza matambula onse aja?"

Anawasolola makiyi m'thumba mwaulemu ndithu.

"Galimoto ndiyendetsa ndine. A kumpingo sakamva kanthu kwa ine. Paja Loweruka munati tifike nthawi yanji?"