Panja pa chipinda cha khonsolo

Lamulo la yunivesiteyo ndi lakale: amene akukambidwa atuluke. Choncho nkhani ya mpando wawo itafika, a Pulofesa, mkulu woyendetsa sukuluyo, anatola magalasi awo n'kukakhala pabenchi la pakhonde, pomwe amadikirira ophunzira opalamula. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

M'katimo a khonsolo ankati avote: a Pulofesa apitirize pampando kapena apite. Kuno amavota pokweza manja, mwini sukulu akuyang'ana.

Aphunzitsi awiri anatulukira pakona. Ataona bwana ali pabenchi, anabwerera ngati aiwala kanthu. A Pulofesa sanadabwe. Chikhalireni pampandowo aliyense ankawapatsa moni ataimirira, koma wocheza nawo panalibe. Nyumba imene sukulu inawapatsa inali ya zipinda zambirimbiri, koma supuni yogwira ntchito inali imodzi. Akazi awo anatsala kwawo kusamala mayi awo odwala, ndipo adzukulu ankadziwa agogo awo pafoni basi. Kusungulumwa kunkawadya.

Sabata yathayi anayenda khomo ndi khomo kwa mamembala a khonsolo, mpaka kugwada, munthu wamkulu ndi imvi zake. Aliyense anawalonjeza. "Tamva, a Pulofesa. Musataye mtima, sitikugwiritsani mwala."

Khomo limodzi lokha sanagogode, la wapampando wa khonsolo, mwini sukuluyo. Amenewo ndi achimwene awo, omwe anawalera n'kuwaphunzitsa makolo atamwalira. Pamaso pawo a Pulofesa sanayambe anenapo zakukhosi. Koma makatoni a mabuku anali atamanga kale kunyumba.

Chitseko chinatseguka. Mlembi wa khonsolo anasuzumira.

"Akuti mulowe, bwana."

A Pulofesa analowa. Onse anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Achimwenewo anawakumbatira, misozi ikulengeza.

"Mng'ono wanga, palibe ndi mmodzi yemwe wakukana. Manja onse m'mwamba! Zaka zina zisanu ndi zako."

A Pulofesa anayang'ana nkhope imodzimodzi kuzungulira tebulo. Manja ankawombabe, koma maso onse anali pansi.

Madzulo ano akamasula makatoni aja. A Pulofesa anagwadira anthu onsewa kuti awachotse pampando, azipita kwawo.