A Zefaniya Akonzekera Kukaonana ndi Kompyuta

Moni owerenga okondedwa, ndipo tithokoze Mulungu amene watidzutsanso ndi moyo lero.

M'mawa wa tsiku la ulendo, a Zefaniya anali atawerama pa kauntala ya golosale ya a Jafali pa Linthipe, akudina mabatani a kakyuleta ndi chala chimodzi. Kunja kunali chisanu cha ku Dedza chija cholowa m'mafupa, koma iwo thukuta linali kamukamu.

"Pang'onopang'ono, madala," anatero a Jafali, "mundiphera makina."

"Ndisiyeni, chala chizolowere."

Nkhani inayamba tsiku la msika lapitalo, pamene a Marita, akazi a Zefaniya, analankhula pa foni ya m'golosale yomweyi ndi mkamwini wawo Benedicto, amene amagwira ntchito ku Karonga. Anabwera kunyumba akululutira. Mwana wawo Kristina wachira, mwana wamwamuna, mdzukulu woyamba! Mkamwini walipira kale mpando wa ndege. Koma tikiti ya pepala palibe: dzina lili mu kompyuta ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, munthu angofika basi.

A Zefaniya anaponya khasu, nagwada m'munda wa kachewere momwemo kuyamika Ambuye. Podzuka pamenepo ndi pamene mantha anawagwira.

Tisawaseke. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo iwo ankakumbukira bwino tsiku limene anatsitsidwa m'basi chifukwa choiwala kadi ya chipani. Basi wamba, yoyenda pansi! Nanga ndege ingalole bwanji munthu wopanda pepala? Kuwonjezera apo, a Alufeo, mnzawo wa m'kwaya amene anakhalako ku Joni, anawafotokozera kuti kompyuta ndi bokosi lagalasi lofunsa mafunso, ndipo ukadina batani lolakwika, dzina lako limafufutika, osapezekanso. Izi zinawaopsa kuposa tsiku la chiweruzo, poti kumeneko kuli chifundo, koma makina alibe. Chala chimodzi cholakwa, mdzukulu sakamuona.

Choncho anakonzekera ngati msilikali. Lamulungu anatsanzika mpingo wonse, kwaya nkuwaimbira nyimbo ya apaulendo, iwo akupukuta misozi. M'thumba la jekete anaikamo kalata ya ubatizo, ya ukwati, makadi akale a chipani ndi kadi ya dibi la ng'ombe, kuti kompyuta ikakana chimodzi aonetse china. Sutikesi anaisenza okha kutsika mapiri onse aja, osalola munthu kuigwira. A Marita anati awaperekeza, ndipo tsopano anali phee pakhonde, atavala chitenje chatsopano, akusenda nthochi ngati palibe chikuchitika.

"A Jafali," anatero a Zefaniya, "basi isanabwere, tayesani mukhale kompyuta. Mundifunse."

A Jafali sanachedwe. Anatenga katoni ya sopo yopanda kanthu, naboola kabowo, naivala kumutu. Amayi awiri amene anabwera kudzagula mchere anaiwala chimene anadzera.

"Dzina?" inatero katoni ndi mawu am'mphuno.

A Zefaniya anavula chipewa. "Zefaniya, bwana, wa mpingo wa ku Kabwazi, woimba besi."

"Munayamba mwaulukapo?"

"Kamodzi, bwana. Ndinagwa pa denga la nkhokwe."

"Munatera bwino?"

"Pa nkhumba ya a Alufeo, bwana. Koma tinakhululukirana."

"Mukupita kukatani ku Karonga?"

Apa mkuluyo anatukula chala chake. "Kukanyamula mdzukulu wanga, ndimuike chizindikiro cha mtanda pachipumi ndi chala changa ichi."

Katoni inaweramira kutsogolo. "Dinani batani," inatero.

A Zefaniya anatseka maso, napemphera chamumtima, nadina mphuno ya a Jafali kudzera pa kabowo. A Jafali anayetsemula, katoni nkugwa, amayi aja nkuwomba m'manja.

"Mwakhoza, madala! Ndege ndi yanu!"

A Zefaniya anamva mtima kupepuka ngati munthu wochokera kolapa. Anatembenukira pakhonde. "Mwaona, mayi a Kristina? Zinthu izi zimafuna mutu. Inu mukatsale bwino, mbuzi muzizitsekera dzuwa lisanalowe. Ndikakubweretserani mpunga wa ku Karonga."

"Zikomo, bambo," anayankha a Marita mofatsa.

Nthawi yomweyo foni inalira. A Jafali anayankha, namvetsera, kenaka anaitukula m'mwamba. "Ndi a Benedicto. Akuti alankhule ndi apaulendo."

A Zefaniya anakonza kolala, natsokomola kuti mawu amveke bwino mpaka ku Karonga. Asanatambasule dzanja, a Marita anali atalowa kale ndi kuilandira.

"Inde, bambo, ndikunyamuka. Dzina langa mu kompyutamo lilimo, eti? Muuzeni Kristina asavutike, mwanayo ndidzamusambitsa ndine mawa." Anamvetsera pang'ono, nayang'ana amuna awo mwachikondi. "Apongozi anu? Ayi, sindinawauze kuti akutsala. Akanadziwa, mwezi wonse wa mbuzi ndi kudziphikira okha, mukuganiza kuti akanandilola?"

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, owerenga, inu amene mukukwera ndi inu amene mukutsala ndi mbuzi.