Bambo amene anamanga dzanja lamanja la mwana wake

Panali munthu wina wowotcherera zitsulo, bambo wa mwana mmodzi wamwamuna. Mng'ono wake, dalaivala wa lole, nayenso anali ndi mnyamata wa msinkhu womwewo, koma uyu anabadwa wamanzere. Amene ankakhala nawo pafupi akuti zimenezi zinachitikadi.

Wowotchererayo ndiye ankatsogolera kuseka mwana wa mng'ono wakeyo. Akamuona akugwira supuni ankati, "Iwe Manzere, dzanja limenelo ndi lodyera?" Dzinalo linakanirira, mpaka amayi ake omwe anayamba kumuitana choncho.

Atasinkhuka, anyamata awiriwa anayamba kuphunzira nkhonya pa holo ina. Mwana wa wowotcherera sanali wogona ayi. Dzanja lake lamanja linali lolemera, ndipo kusukulu aphunzitsi ankamutuma kulemba pa bolodi chifukwa cha zilembo zake zokongola. Koma wotchuka anali Manzere. Anzake anazolowera kutchinga nkhonya zochokera mbali imodzi, iye n'kumawalowera mbali inayo. Posakhalitsa chikho chinakakhala pashelefu m'nyumba mwa dalaivala uja.

Ndiye muione nsanje. Mkuluyo akapita kukacheza ankakhala mofulatira chikhocho. Mng'ono wake akafunsa kuti, "Achimwene, munamuona mwana wanu Manzere dzulo?" iye ankangoti, "Ndamva," mtima ukuwira. Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti woomberedwa m'manjayo anali yemwe uja iye ankamunyoza.

Pa mpikisano wina wowotchererayo anakhala moyandikana ndi mlendo wovala jekete yachikopa, munthu wa pakamwa pothyathyalika.

"Ine ndaphunzitsa akatswiri ambiri," anatero mlendoyo. "Wamanzere sachita kubadwa, timachita kupanga. Mangani dzanja lamanja la mwana wanu, lamanzere lidzuka lokha."

Ngakhale dzina sanamufunse. Atafika kunyumba anatenga bandeji n'kumangirira dzanja lamanja la mwanayo pamimba.

"Bambo ake mwana, kodi walakwanji?" anafunsa mkazi wake. "Dzanja limene Mulungu anam'patsa likukwanira."

"Inu za nkhonya mumazidziwira kuti?"

Kochi wa pa holo paja atamva, anachita kubwera kushopu. "Bambo, musiyeni mwanayu ndi dzanja lake. Mukamusokoneza sakhala wamanja, sakhalanso wamanzere. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndakutulukirani," anayankha wowotcherera. "Mukufuna Manzere akhale yekha pamwamba."

Kuyambira pamenepo mnyamatayo ankamasulidwa popita kusukulu basi. Tiyi ankamutayikira pachifuwa. Mabatani a malaya ankamutengera nthawi mpaka kuchedwa. Akapezeka akulemba homuweki ndi dzanja lamanja, ankalandira kawaya kowotcherera pazala. Chifukwa cha mantha, ngakhale m'kalasi anayamba kulembera kumanzere, ndipo zilembo zake zinakhala ngati papalasa nkhuku. Aphunzitsi anasiya kumuitana ku bolodi. Kenako anayamba chibwibwi, mwana amene kale ankalongolola osapuma.

Manzere ankamumvera chisoni mbale wakeyo. M'mawa wina anafika n'kugwada kuti amumangire zingwe za nsapato. Wowotcherera anamupeza ali pomwepo.

"Wabwera kudzazonda eti? Tuluka."

"Bambo aakulu, ndimangomuthandiza."

"Ndati tuluka."

Mkazi wake analira, anakadandaula kwa alamu ake, koma munthu wansanje alibe makutu. Iye ankangoona chikho pashelefu ya mng'ono wake.

Mpikisano wina utayandikira, anakakamira kuti mwana wake amenye nawo. Kochi anakana, iye anachita phokoso mpaka kochiyo anagonja. Patsikulo wowotchererayo anakhala kutsogolo penipeni, ataitana mng'ono wake kuti akhale pambali pake adzionere yekha.

Belu linalira. Mnyamatayo anaima ngati wamanzere, miyendo ikukolana. Mnzake anaponya nkhonya yoyamba, inamuphonya. Ataponya yachiwiri, dzanja lamanja la mnyamatayo linakwera lokha kuti litchinge, monga linazolowera kale. Pomwepo mwanayo anatembenuza maso kuyang'ana bambo ake, n'kulitsitsa dzanja lija.

Nkhonya inafika pachibwano. Anagwa chagada, ndipo kochi anaponya thaulo posonyeza kugonja. Woyamba kudumphira m'bwalomo kukamudzutsa anali Manzere.

Mlendo wa jekete uja sanaonekenso, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe womudziwa.

M'chipinda chosinthira zovala, mnyamatayo anakhala pabenchi, mlomo utatupa, atamuvula magolovesi. Bambo ake analowa manyazi ali tho. Anatsegula botolo la madzi n'kumupatsira.

Mwanayo sanalandire. Anabisa manja onse awiri kumbuyo.

"A-a-ababa," anatero, "ndilandire ndi dzanja liti kuti musandimenye?"

Bambo uja anakhala pansi pasimenti pomwepo n'kuyamba kulira, mng'ono wake amene anamutsatira akuona. Mwanayo sanabwererenso ku nkhonya, ndipo akuti chibwibwicho ali nacho mpaka lero.

Phunziro: Mwana si ndodo yomenyera m'bale wako. Wamanzere musamukakamize kukhala wamanja, wamanja musamusandutse wamanzere, aliyense akule ndi dzanja limene anabadwa nalo. Mphatso ya mwana wa mnzako isakuchititse khungu mpaka kuphwanya ya mwana wako, ndipo usataye mawu a anthu okudziwa chifukwa cha munthu amene wangokumana naye pampando. Tumizirani makolo ena uthengawu, mwina kwinakwake kuli mwana amene dzanja lake limasulidwe lero.