Batire la a Pulofesa

"Chonde mayi, musaitsegule. Mundiphera ntchito ya zaka zitatu."

A Pulofesa anali atakumbatira laputopu ngati khanda lodwala. Upulofesawo unali wa pabalaza chabe. Dzinali anawapatsa ndi alamu awo, amuna a achemwali awo, amene ankawasunga m'chipinda cha alendo podikira kuti amalize kulemba buku la digiri. Munthu wophunzira satumidwa. Sankasesa, mbale sankazidziwa, ndipo ana ankasewera monong'ona chifukwa amalume akuganiza.

Alamuwo zinawafika m'khosi. Ananena mosapsatira kuti Lachisanu bukulo likaperekedwe kusukulu, apo ayi a Pulofesa alongedze. Lachitatu m'mawa laputopu inazima osadzukanso. Ndiye alamuwo anawakokera kuno, m'kashopu kopanikiza ka mayi wokonza makompyuta.

Kunena zoona, malowo anali osalimbitsa mtima. Patebulo panali mitembo ya malaputopu, ina ili chagada, ina yopanda mabatani. Mayiyo anavala magalasi omanga ndi ulusi, akutafuna chingamu ngati alibe nazo ntchito.

Analanda laputopuyo n'kulumikiza chaja chake. Zii. Anaikhazika patebulo n'kuidina pakona, iyo n'kugwedera.

"Mwaona? Mimba iyi. Batire latupa, lakalamba. Mumaisiya pamagetsi osachotsa eti?"

"Ndimagwira ntchito kwambiri," anayankha a Pulofesa, thukuta lili kamukamu. "Alamu, makina awa ndi osakhwima. Tiwatumize kwa akatswiri enieni, ngakhale zitenge miyezi itatu."

"Nanga zolemba zili m'katimo zitayika?" anafunsa alamuwo, nawonso mtima uli m'mwamba.

"Batire silisunga zolemba, bambo. Khalani pansi."

Anamasula tizomangira n'kutiponya m'kapu ya tiyi yosatsuka. A Pulofesa anatsinzina, milomo ikuyenda. Alamu awo anali asanawaonepo akupemphera. Mayiyo anakanula chivundikiro, n'kuzula batire lotupa ngati buledi, nalikankhira m'chidebe cha mchenga. Pashelefu anatsitsa katoni, anayerekeza manambala, n'kulowetsa latsopano. Zonsezi osasiya kutafuna.

Anadina batani. Kanyali kanaphethira, fani inayamba kuzungulira, sikirini n'kuwala.

A Pulofesa anagwira kumutu, misozi ili chuchuchu. Apa alamu aja manyazi anawagwira. Zaka zonsezi akhala akunyoza munthu pomuyesa waulesi, chonsecho taonani mmene ntchito yake ikumukhudzira! Anawasisita paphewa.

"Basi alamu, zatha, musalire. Mundikhululukire, ndinkakuganizirani zoipa. Mayi, pulinta yanuyo imagwira? Tisindikiziretu pompano, lingazimenso."

"Failo yake iti?"

A Pulofesa anayang'ana kudenga. Alamu awo ndi amene analoza: inali pakati penipeni pa sikirini, dzina lake BUKU LOMALIZA.

"Ndisindikize lonse?"

"Lonse, mayi. Ngati mapepala achepa, ndikagula ena."

Mayiyo anathira mtolo wonse wa mapepala. Pulinta inakhosomola, n'kulavula tsamba limodzi, kenaka inangoti chete. Anadikira. Mayiyo anasuzumira pasikirini n'kusiya kutafuna.

"Ndi lomweli, bambo. Latha."

Pamwamba panali mutu wa buku ndi dzina la a Pulofesa m'zilembo zikuluzikulu. Pansi pake panali mzere umodzi wokha: "Ndikuthokoza alamu anga okondedwa chifukwa cha kuleza mtima kwawo."